Miyezi 13 ndili pa infliximab: mantha anali pa TB, chondigwetsa chinali china

Sabata yatha ndinalandira diripi yanga ya nambala 9 ya infliximab, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndifotokoze momwe zayendera, makamaka pa nkhani ya mabakiteriya yomwe inandisowetsa tulo ndisanayambe. Ndimadwala ulcerative colitis, matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimatembenukira matumbo aakulu a mwiniwake mpaka kuchita zilonda. Zitafika povuta ndinkapita kuchimbudzi ka 12 patsiku, magazi osaleka. Mapiritsi a steroid otchedwa prednisolone, pa mlingo wa 40 mg, ankaziziritsa, koma akangotsitsa kufika pa 15 mg, zonse zinkabwerera. Apa m'pamene adokotala anandiika pa infliximab pamodzi ndi mapiritsi a azathioprine, onse awiri ofooketsa chitetezo cha m'thupi.

Kumbali ya matumbo ndilibe chodandaula. Diripi yoyamba, ina patatha masabata 2, yachitatu pa sabata ya 6, kenako masabata 8 aliwonse. Magazi anasiya mwezi wachiwiri usanathe, prednisolone ndinamusiya mwezi wachinayi, ndipo makilo 7 omwe anapita anabwerera.

Infliximab amagwira ntchito potsekereza puloteni yotchedwa TNF, yomwe imakoleza kutupa. Vuto n'loti TNF yemweyo ndi amene amathandiza thupi kumangira mpanda tizilombo ta TB tomwe tagona m'mapapo. Munthu ukhoza kukhala nato zaka zambiri osatsokomola ngakhale kamodzi, koma mpanda uja ukagumuka timadzuka, ndipo nthawi zambiri sitithera m'mapapo mokha. N'chifukwa chake sanandipatse diripi asanandiyeze TB, hepatitis B ndi HIV. X-ray ya pachifuwa inali yoyera, koma magazi anasonyeza kuti TB yogona ndili nayo. Ndinamwa isoniazid wa 300 mg tsiku lililonse kwa miyezi 6, pamodzi ndi vitamini B6 woteteza dzanzi la kumapazi, ndipo infliximab anayamba nditamwa mwezi wathunthu. Mwezi wodikirawo unali wowawa, mimba ikupotokola, koma lero ndimauona kuti unali wofunika. Aliyense amene akufuna kukuyambitsani mankhwala a mtundu uwu asanakuyezeni TB, mufunseni chifukwa chake.

TB sinabwere. Chinabwera n'chomwe sindinachiganizireko.

Mwezi wa 9 dzino linachita mafinya, ndipo kwa dokotala wa mano anandipatsa maantibayotiki otchedwa clindamycin. Sindinanene kuti ndili ndi matenda a matumbo, iwonso sanafunse. Patatha masiku 10 nditamaliza mapiritsiwo, ndinayamba kutsegula m'mimba: zamadzimadzi, fungo lachilendo lonyansa kwambiri, kupweteka mmunsi mwa mchombo. Mumtima ndinati basi, matenda aja abwerera, infliximab wasiya kugwira. M'kabati munali prednisolone wotsala, ndinayamba kumwa ndekha osauza aliyense. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri odwala matendawa ali ndi kabotolo kotero penapake. Masiku atatu ndinkangoipiraipira. Usiku wachitatu ndinakhala pansi m'bafa, msana nditatsamira chitseko, milomo itauma gwa, miyendo ikukana kundinyamula. Chodabwitsa, thupi silinatenthe kwenikweni, choyezera chinkangosonyeza 37.6. Ndinamva pambuyo pake kuti ma steroid amabisa kutentha kwa thupi, moti munthu umaoneka ngati uli bwinoko pamene m'kati zinthu zikuonongeka.

Kuchipatala namwino sanachedwe ndi zambiri, anangondipatsa kabotolo kuti ndiikemo chimbudzi. Zotsatira zinati Clostridioides difficile, yemwe ambiri amangoti C. diff. Ndi bakiteriya yemwe amachulukana m'matumbo maantibayotiki akapha mabakiteriya abwino omwe ankamupanikiza, ndipo amatulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Ife a colitis timamutenga mosavuta kuposa anthu ena, ngakhale osamwa maantibayotiki, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndi za matenda athu enieniwo. Popanda kuyeza chimbudzi, ngakhale dokotala sangasiyanitse. Ine ndiye ndinali ndikufooketsanso chitetezo panthawi yomwe thupi linkachifuna kwambiri. Anandiletsa prednisolone, n'kundipatsa vancomycin wakumwa, 125 mg kanayi patsiku kwa masiku 10, ndipo diripi yotsatira anaichedwetsa ndi masabata 2. Tsiku lachinayi mimba inayamba kukhazikika. Kunyumba tinaphunzira kuti mankhwala opaka m'manja aja a spirit sapha njere za C. diff, pamafunika sopo ndi madzi, ndipo chimbudzi kuchitsuka ndi bulichi.

Zitatha izi ndinakhala pansi ndi adokotala, ndili wokonzeka kusiya infliximab. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifotokozera zomwe sindinkazidziwa. Pa mankhwala onse omwe ndamwapo, omwe amadziwika kwambiri poika munthu pachiopsezo cha matenda aakulu obwera ndi tizilombo ndi ma steroid, makamaka ukamamwa 20 mg kapena kuposa kwa milungu ingapo. Kuphatikiza mankhwala awiri kapena atatu ofooketsa chitetezo kumawonjezera chiopsezocho, ukalamba nawonso chimodzimodzi. Ndiponso matumbo azilonda, magazi ochepa ndi thupi lonyentchera n'khomo lotsegula kale. Ine ndinkaopa diripi chifukwa imabwera ndi singano ndi fomu yosaina, pamene kapiritsi koyera komwe ndinakazolowera sindinkakaopa n'komwe. Tinakambirananso za vedolizumab, yemwe amagwira m'matumbo mokha osakhudza kwambiri thupi lonse, koma popeza infliximab akundigwirira ntchito, ndinasankha kukhalabe pomwepa. Za kuchotsa azathioprine tidzaziona ndikadzaunikidwanso m'matumbo.

Zina n'zazing'ono koma zimatopetsa. Kuyezetsa magazi miyezi 3 iliyonse, chifukwa azathioprine amatha kutsitsa maselo oyera ndi kuvuta chiwindi. Kachilonda ka pachala komwe kale kakanapola kokha kanatenga milungu iwiri, ndikukayang'ana m'mawa uliwonse ngati kufiira kukufalikira. Katemera wa chibayo ndi wa chimfine ndinabayitsa, koma akatemera a tizilombo tamoyo, monga wa yellow fever, saloledwa ndili pa mankhwalawa. Thupi likafika 38 ndimaimba foni tsiku lomwelo, ndipo ndikadwala, diripi imadikira.

Kodi ndingavomerenso nditabwerera m'mbuyo? Inde, mosakayika. Chomwe ndasintha n'choti ndimayenda ndi kakhadi kolembedwa mankhwala anga onse, ndipo aliyense wofuna kundilembera maantibayotiki, kaya ndi wa mano, amayamba wakawerenga. Prednisolone wotsala uja ndinakamusiya kufamase. Pamalo pake m'kabati muja muli timabotolo tiwiri topanda kanthu toikamo chimbudzi, tomwe namwino uja anandipatsa tsiku lotuluka.