RTL-SDR Blog V4 ndi eriyo yake: ingagwiredi ma CubeSat muli ku Salima?

Kachipangizo kenikeniko, kawailesi komvera mafunde kobaya pa kompyuta, ndi kabwino, ndipo pa mtengo umene unali wosafika madola 50 kunja pamene kanatuluka mu 2023, musanawonjezere zotumizira ndi msonkho, palibe china chimene chingalowetse kalabu ya sayansi ya pasekondale m'nkhani za masetilaiti mosavuta chonchi. Eriyo imene amaikamo m'paketi ndiye yoyambira chabe. Pa mafunde a 137 ndi 145 MHz imagwira ntchito, koma pa 437 MHz, pamene masetilaiti ang'onoang'ono ambiri otchedwa CubeSat amalankhulira, imakusiyani m'malere.

Kukula kwake kuli ngati flash yonenepa, chikopa chake cha aluminiyamu, mbali ina polowetsa pa USB, mbali ina pomangira waya wa eriyo wa mtundu wa SMA. Kamamva basi, sikatumiza kanthu. Wofuna kutumiza mawu m'mwamba ayenera kukhala ndi wailesi ina komanso chiphaso cha MACRA. Kamamva kuyambira 500 kHz mpaka cha m'ma 1.7 GHz, ndipo nthawi imodzi kamaona chigawo cha 2.4 MHz bwinobwino. M'paketi mumapezekanso ndodo zinayi zokoka ngati za wailesi yakale, ziwiri zazitali zofika mita imodzi ndi ziwiri zazifupi, pomangira ndodozo, waya wowonjezera wa RG174 wa mamita atatu, ndi katimiyendo katatu kopindika.

Cholinga chogulira zimenezi chimveke kaye. CubeSat ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kolemera kilo imodzi ndi pang'ono, muyeso umene Jordi Puig-Suari wa ku Cal Poly ndi Bob Twiggs wa ku Stanford anakhazikitsa mu 1999 kuti ophunzira azitha kupanga setilaiti yawo. Anzathu a mu Africa muno analowa pakhomo limeneli podzera m'mgwirizano. Kenya inatulutsa 1KUNS-PF kuchokera pa International Space Station mu May 2018, yopangidwa ndi University of Nairobi mothandizana ndi Sapienza ya ku Rome, pansi pa KiboCUBE, ndondomeko ya United Nations ndi bungwe la JAXA la ku Japan. ZimSat-1 ya Zimbabwe ndi PearlAfricaSat-1 ya Uganda zinakwera mu November 2022 kudzera mu BIRDS ya Kyushu Institute of Technology. Vuto la timasetilaiti totere ndi loti timadutsa pamwamba pa eni ake kangapo kokha pa tsiku, ulendo uliwonse mphindi khumi kapena kupitirira pang'ono. Maola ena onsewo timakhala tikungolankhula tokha, pokhapokha wina kwina atchere khutu. Apa ndi pamene SatNOGS, imene imayendetsedwa ndi Libre Space Foundation ya ku Greece, imalowera: anthu wamba amaika masiteshoni awo, n'kumatumiza zimene amva pamalo amodzi. Mukaona mapu ake, Ulaya ndi America kuli thithithi, kuno ku Africa timadontho towerengeka. Siteshoni ya ku Salima siingakhale chidole ayi.

Poyamba pamene ambiri amagwa ndi pa madiraiva, timapulogalamu tothandiza kompyuta kulankhula ndi kachipangizo. V4 ili ndi chip cha R828D, chosiyana ndi cha mtundu wam'mbuyo wa V3, ndiye pulogalamu yakale imaizindikira koma n'kumamva malo olakwika kapena osamva kalikonse. Munthu amaganiza kuti wagula chakufa pamene vuto ndi fayilo imodzi yakale. Pa Windows gwiritsani pulogalamu ya Zadig kuika diraiva ya WinUSB, kenako tengani pulogalamu yomvera mafunde ya SDR++ kapena SatDump yatsopano. Muyese kaye pa wailesi ya FM imene mumaidziwa nambala yake. Ikamveka pa nambala yolondola ndiye kuti zili bwino. Chenjeraninso ndi zachinyengo, zachuluka pamisika ya pa intaneti. Zimafanana chikopa koma mkati mulibe TCXO yeniyeni, kachida kosunga nambala ya mafunde kuti isasunthe ndi kutentha, ndiye zikatentha nambala imayamba kusendera.

Musayambire pa CubeSat, mudzagwa ulesi. Yambani ndi Meteor-M N2-4, setilaiti yaikulu ya zanyengo ya ku Russia imene inakwera mu February 2024, pa 137.9 MHz. Mabuku ndi makanema ambiri akale amakutumizani ku masetilaiti a zanyengo a ku America a NOAA 15, 18 ndi 19, koma zitatu zonsezi zinazimitsidwa mu 2025, musataye nthawi. Kokani ndodo zazitali kuti mkono uliwonse ukhale masentimita 53.4 kuwerengera ndi masentimita awiri obisika m'pomangira muja. Zitambasuleni ngati V pa madigiri 120, zigone chafulati, kukamwa kwa V kuyang'ane kumpoto kapena kummwera, pamtunda wa theka la mita mpaka mita imodzi kuchoka pansi. Pa foni ikani Look4Sat, pulogalamu yosonyeza nthawi ndi mbali imene setilaiti idutse, lembanimo malo anu, omwe pa Salima boma ndi pafupifupi madigiri 13.8 kummwera ndi 34.5 kummawa, ndipo sankhani ulendo wokwera kupitirira madigiri 40. SatDump ikagwira mumaona timadontho tinayi tikuunjikana pa sikirini, ndipo pakutha pake pamatuluka chithunzi cha kilomita imodzi pa kadontho, nyanja yathu itagona mmenemo kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi, mitambo ikuchokera ku Mozambique. Apa eriyo ya m'paketi sitikuidandaula.

Malo athu ali ndi mwayi umene a ku Dedza kapena ku Zomba alibe. Pagombe la Senga Bay kapena ku Chipoka, kummawa konse ndi madzi okhaokha, palibe phiri lapafupi kapena nyumba yotchinga, ndiye setilaiti yodutsa mbali imeneyo mumaigwira itangotuluka kumene. Koma pewani denga la malata. Limabweza mafunde, chithunzi n'kumatuluka ndi mizere yakuda yodukadula. Pabwalo la mpira ndi pabwino kuposa pakhonde.

Mdani wamkulu kuno si mapiri koma phokoso la magetsi. Invata ya sola yotchipa, machaja a foni a pamsika, mababu a LED ndi chaja ya laputopu yomwe, zonsezi zimalavula phokoso pa 137 MHz. Kuyesa kwake n'kosavuta: yang'anani mzere wa phokoso pa sikirini, zulani chaja, muone ngati watsika. Kawirikawiri nthawi yabwino yomvera ndi pamene magetsi azima dera lonse, laputopu ikuyendera batire. Ngati mlongoti wa FM uli pafupi, kachipangizoka kamadzaza msanga chifukwa ndi ka 8-bit. Tsitsani gain, mlingo wokwezera mphamvu ya mafunde mu pulogalamu, kapena gulani sefa yotchinga 88 mpaka 108 MHz. Kukweza gain mpaka pamapeto sikuwonjezera kumva, kumangokweza phokoso.

Tsopano ku 437 MHz. Ndodo zazifupi mukazikoka zonse zimayandikira muyeso wake, inde, koma CubeSat imatumiza ndi mphamvu yosafika kapena yongofika watt imodzi kuchokera makilomita mazana angapo, ndipo imagubuduzika ikamayenda, ndiye mawu ake amabwera n'kuthawa. Eriyo ya ndodo ziwiri ilibe mphamvu yokokera. Choipitsitsa ndi waya uja wa RG174: pa mafunde amenewa mamita atatu amadya pafupifupi 2 dB, kutanthauza gawo limodzi mwa atatu la zimene eriyo yagwira lathera m'njira. Usiyeni m'paketi. Mangani kachipangizo pafupi ndi eriyo, mutalikitse mbali ya USB, osapitirira mamita asanu. Eriyo yoyenera ndi Yagi ya ndodo zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, imene mungapange ndi waya wokhuthala wa kopa kapena aluminiyamu pa paipi ya PVC, ndodo yolumikiza waya ikhale pafupifupi masentimita 33. Mumailoza ndi manja kutsatira muvi wa pa foni. Kumbukirani Doppler: setilaiti ikamabwera nambala imakwera ndi pafupifupi 10 kHz, ikamapita imatsika chimodzimodzi, ndiye lolani pulogalamu ya Gpredict kapena SatDump izikonza yokha, ndipo ma TLE, mafayilo ofotokoza njira ya setilaiti, muziwatsitsa atsopano masiku awiri kapena atatu aliwonse. TLE ya mwezi watha imakulozetsani kumene setilaiti kulibe.

V4 ili ndi bias tee ya 4.5 V, njira yotumizira magetsi kudzera mu waya wa eriyo womwewo kukadyetsa LNA, kachida kokweza mafunde ofooka, chinthu chothandiza kwambiri mukaika LNA pa eriyo penipeni. Musaiyatse ngati eriyo yanu ndi yolumikizana mbali zonse ziwiri, monga eriyo yopotana yotchedwa QFH, popanda LNA pakati, chifukwa mumakhala mwachita shoti.

Wofuna siteshoni ya SatNOGS yosazima afunika kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi, khadi la SD, eriyo yokhazikika ya turnstile (ya ndodo zopingasana) kapena QFH, ndi intaneti yodalirika, chifukwa ulendo uliwonse umatumiza mafayilo ndipo bandulo imayenda. Magetsi akamazimazima khadi la SD limawonongeka, komanso Pi 4 ilibe wotchi yakeyake, ndiye ikadzuka popanda intaneti imamvera nthawi yolakwika. Kabatire ka 12 V ndi chotsitsira ku 5 V zimathetsa zonse ziwiri. Kachipangizo ka V4 kamatentha kale pakokha, ndiye mu October musakatsekere m'bokosi lakuda padzuwa. Bokosi loyera, mabowo pansi, ndi kaukonde kotchinga nkhungu za m'nyanja ndi mavu. Ndodo zokoka zija si zogona panja: mwera ukaomba mu June ndi July zimapindika n'kusintha muyeso, ndipo chinyezi chimalowa m'mfundo zake. Zolumikizira zonse zikulungeni ndi tepi ya labala yodzimata yokha, osati yakuda ya magetsi imene imasungunuka ndi dzuwa la kuno. Mabingu akayamba mu November, zulani waya wa eriyo ku kachipangizo mvula isanafike.