Masiku awiri okha: Nkhotakota kapena Zomba?

Ndalama za fodya zikalowa, anthu ambiri kuno ku Kasungu amayamba kufunsana zokaonako dziko, makamaka malo a mbiri yakale oti ana akaone ndi maso zimene amangomva kusukulu. Mayina awiri satha pakamwa: Zomba ndi Nkhotakota. Ngati muli ndi Loweruka ndi Lamlungu basi, ine ndikuti Nkhotakota, ngakhale Zomba ndi yokongola kuposa.

Tiyambe ndi msewu, pakuti ndi umene umadya tchuthi. Kupita ku Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 130 pa M18, ndipo mumadutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota momwe munasamutsidwira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Ulendowo pawokha ndi gawo la tchuthi. Mukanyamuka m'mawa, nsima ya masana mukadyera kunyanja. Zomba ndi nkhani ina: Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde, makilomita opitirira 400. Pa minibasi, poonjeza kudikira kuti idzaze, mumafika dzuwa litapendeka, msana uli gwa. Mawa lake mwayamba kale kuganiza zobwerera.

Koma chilungamo chake, mbiri ya Zomba imaoneka yokha. Linali likulu la dziko mpaka 1975, pomwe mwana wakwathu Kamuzu analisamutsira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kumeneko mpaka 1994. Nyumba yamalamulo yakale ilipo, nyumba ya Masongola ya mu 1886, momwe munkakhala woimira boma la Britain, ilipo, chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) a nthawi ya atsamunda chili m'mbali mwa msewu. Simufunika wokuuzani kuti pano panali boma. Mukakwera phiri, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000, mukaona damu la Mulunguzi, dzenje la Chingwe ndi Emperor's View, pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. M'makhota a msewu wokwerawo anyamata amakutchingirani ndi timbale ta sitiroberi, aliyense akulumbira kuti zake ndi zothyola lero. Zonsezi zimafuna masiku atatu ndi galimoto, kapena ndalama ya takisi, chifukwa kuchoka m'tauni kufika pamwamba si pafupi.

Nkhotakota ilibe nyumba zodzionetsa. Munthu wothamanga angadutse pa boma n'kunena kuti palibe chilichonse, koma mpunga, usipa ndi makabaza. Mbiri ya kumeneko ili pansi pa mitengo ndi m'kamwa mwa anthu. Apa ndi pamene a Jumbe, amalonda a Chiswahili, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, nkumawolotsa akapolo ndi minyanga pa zombo kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Ife a kumtunda kuno nkhaniyi si ya eni: ambiri mwa ogwidwawo ankachokera m'midzi ya Achewa. Mkuyu womwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 ukadalipo kufupi ndi mishoni ya Anglican. M'tchalitchi cha All Saints muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene. Ndipo ndi ku Nkhotakota komweko kumene msonkhano wa Kongeresi wa mu 1960 unapatsa Kamuzu utsogoleri wa chipani wamuyaya.

Vuto lake ndi lakuti mukangoima nokha pansi pa mkuyuwo, mudzaona mtengo basi. Pezani wamkulu wa pamalopo, mum'patse moni mwaulemu, "Wawa bambo, tachokera ku Kasungu," mum'lole afotokoze. Kangachepe ka m'manja musaiwale. Zonsezi mumaziyendera wapansi kapena pa kabaza, ndipo madzulo nthawi imatsala yokasamba kunyanja kapena kukaona akasupe otentha a Mawira.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Ndalama za fodya zimabwera m'miyezi yozizira, pomwe phiri la Zomba limaphimbidwa ndi nkhungu. Mutha kukwera mpaka pa Emperor's View n'kungoona utsi woyera, mano akugundana. Kunyanja nthawi imeneyo n'kofunda bwino, kungoti mwera ukawomba asodzi sapita pamadzi, chambo chimakwera mtengo, ndipo za bwato muiwale. Mu Okutobala zinthu zimatembenuka: ku Nkhotakota kumatentha moti usiku tulo sitibwera, pomwe pamwamba pa phiri la Zomba mufunda bulangete. Kunyanja musagone popanda neti, mwezi uliwonse.

Za chakudya, okonda nsima ya chimanga anene msanga pamalo odyera, chifukwa ku Nkhotakota angakuikireni kondowole osafunsa. Ine ndingati yesani kaye ndi chambo chootcha, koma kwa ana itanitsani mpunga.