Ndemanga: Garmin Striker 4 m'madzi osaya, ku Siavonga ndi ku Vilankulo

Kwa amene ali ndi boti laling'ono kuno ku Lusaka ndipo akufuna kulowa nalo m'madzi osaya amene sakuwadziwa, fish finder iyi, chipangizo choyeza kuya kwa madzi ndi kuonetsa nsomba, ndi yoyenera kugula. Ndaigwiritsa ntchito pa Kariba komanso kunyanja yamchere ku Mozambique, ndipo ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Koma mugule mukudziwa ntchito yake. Imakuuzani kuya kwa madzi amene ali pansi pa boti nthawi yomweyo, ndiponso njira imene mwadutsa kale. Zimene zili kutsogolo siiona, ndipo siidziwa kuti pamalo omwewo madzi adzakhala ochuluka bwanji pakatha maola 3. Zonse zimene ndalemba pansipa zikuchokera pamenepa.

M'bokosi mumakhala sikirini ya mainchesi 3.5 yoyendetsedwa ndi mabatani, choikirapo chake, waya wa magetsi, ndi transducer, kachipangizo kamene kamakhala m'madzi kumbuyo kwa boti n'kumatumiza phokoso pansi. GPS ili m'kati momwemo. Mapu mulibe, ndipo simungaikemo. Mukatsegula tsamba la GPS mumangoona chizindikiro cha boti lanu, mzere wa kumene mwachokera, ndi malo amene mwasunga nokha. Gombe, zilumba ndi miyala sizioneka. Nyenyezi imodzi ija ndachotsera apa. Amene akufuna chipangizo chojambula chokha mizere ya kuya pamene akuyenda ayang'ane Striker Plus 4.

Mabatani ndawakonda kuposa sikirini yokhudza ndi chala, chifukwa manja a msodzi amakhala onyowa ndiponso a nyambo. Mvula ndi madzi othovukira sizikuivuta. Magetsi imadya pang'ono, osafika theka la ampere, moti batire la 12V 7Ah, longa la pa geti kapena la alamu ya panyumba, limakwana tsiku lonse. Lipatseni batire lakelake. Mukalumikiza ku batire loyatsira injini, chipangizo chimatha kuzima nthawi imene mukuliza injini chifukwa mphamvu imatsika mwadzidzidzi, ndipo nthawi zina pasikirini pamadzaza timizere. Fyuzi ya 3A imene ili pa waya wofiira musaidule. Ndaonapo amisiri ena akuichotsa kuti waya ufupike.

Madandaulo ambiri akuti chipangizo chikunama amachokera pa kamangidwe ka transducer. Imangidwe kudzanja lamanja la injini mukayang'ana kutsogolo, patali ndi propela masentimita 38 kapena kuposa, itagona molingana ndi madzi. Kunsi kwake kutsike mamilimita 3 kupitirira pansi pa boti ngati ndi la fibre, kapena mamilimita 10 ngati ndi la aluminiyamu. Musaiike kumbuyo kwa mzere wa misomali kapena nthiti ya pansi pa boti, chifukwa pamenepo pamadutsa thovu, ndipo phokoso lake silipyola mpweya. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchidziwa: boti likaima nambala ili bwino, mukathamanga ikuphethira kapena kusowa. Bawuti yake musamange kwambiri, kuti ikagunda mchenga ipindikire m'mwamba m'malo mothyoka.

Musanalowe m'madzi sinthani zinthu zitatu. Miyezo ikhale m'mamita. Chachiwiri ndi Keel Offset. Chipangizo chimayeza kuchokera pamene pali transducer, koma chimene chimayamba kugunda pansi ndi mwendo wa injini. Yezani ndi tepi kuchokera pa transducer kufika kunsi kwa chipsepse cha injini, tinene kuti mwapeza masentimita 35, ndipo muchotse mtunda umenewo kuti nambala ya pasikirini ikhale ya madzi amene atsala pansi pa injini. Chachitatu, alamu ya madzi osaya (Shallow Water) muiike pa mita 1. Tizithunzi ta nsomba zimitsani, chifukwa m'madzi osaya udzu ndi thovu zimaoneka ngati nsomba.

Tsopano chifukwa chake siiona kutsogolo. Phokoso limatsika ngati kuwala kwa tochi, lopapatiza pamwamba, lotambasuka pansi. Phokosoli lili la mitundu iwiri: pa 200 kHz limatambasuka madigiri pafupifupi 15, ndipo pa 77 kHz pafupifupi 45. M'madzi akuya mita 1, zimenezi zikutanthauza kuti mukuona malo otambalala masentimita 26 okha, kapena 80 mukasinthira ku 77 kHz, ndipo malowo ali kumbuyo kwa boti. Boti loyenda makilomita 20 pa ola limadutsa mamita oposa 5 pa sekondi imodzi. Alamu ikamalira, mphuno ya boti yakwera kale pamchenga. Madzi akachepera theka la mita nambala imayamba kudumphadumpha, nthawi zina kuonetsa kuya kowirikiza kawiri chifukwa phokoso lagunda pansi n'kubwerera kawiri. Choncho pamalo achilendo yendani pa liwiro la munthu woyenda pansi, injini mutaikweza pang'ono, ndipo munthu mmodzi aime kutsogolo ndi nsungwi ya mamita 3 yolembedwa ndi penti pa theka la mita lililonse.

Pa Kariba ndi pamene ambiri a ife tidzaigwiritse ntchito, poti Siavonga ili pafupifupi makilomita 200 kuchokera mu Lusaka. Damu litamalizidwa mu 1959 madzi anamiza nkhalango, ndipo mitengo yambiri idakali chiimire. Imene nthambi zake zatulukira pamwamba si yoopsa. Zoopsa ndi zitsa zimene zabisala pang'ono pansi pa madzi m'magombe olowa m'kati. Nyanjayi inakonzedwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pakati pa mamita 475.50 ndi 488.50 pamwamba pa mulingo wa nyanja yamchere, kusiyana kwa mamita 13, ndipo nonse mukukumbukira mmene inatsikira mu 2024 magetsi akuzima maola ambiri m'makomboni ndi m'mayadi momwe. Njira imene munasunga chaka cha madzi ambiri ingakulowetseni m'zitsa chaka cha chilala. Zambezi River Authority imalengeza mulingo wa madzi kawirikawiri. Lembani nambala ya tsikulo m'kabuku pamodzi ndi dzina la njira imene mwasunga, ndipo mukabweranso muyerekeze. Chitsa chilichonse chimene mwaona, dinani batani losungira malo muli pambali pake. Chipangizo chimasunga malo mpaka 5,000, ndiye palibe chifukwa choumira. Usiku kapena kukachita nkhungu, mzere wobwerera nawo padoko ndi umene umapangitsa ndalama zanu kukhala zosatayika. Kumbukiraninso kuti malire a Zambia ndi Zimbabwe adutsa m'nyanjamo ndipo pasikirini saoneka.

Za kutsika m'boti n'kumawedza mutaima m'madzi, pa Kariba, pa Kafue ndi pa Zambezi musayese n'komwe. Ng'ona imagwirira m'madzi ofika m'mawondo, mvuu zimakhala m'magombe omwewo, ndipo madzi odikha a udzu ndi a likodzo. Ndikunena zimenezi motsindika chifukwa makanema a asodzi akunja akopa anyamata ambiri.

Kuwedza kotero malo ake ndi kunyanja yamchere. Amene amakoka boti kudzera ku Katete, Chanida ndi Tete mpaka ku Vilankulo kapena Inhassoro amakapeza madzi osaya otambalala pakati pa gombe ndi zilumba za Bazaruto, odzaza ndi milu ya mchenga ndi mikwasa yokhotakhota. Kwa ife okulira kutali ndi nyanja yamchere, chovuta kuzolowera n'chakuti kusintha kumene Kariba amachita pa miyezi, kumeneko kumachitika pa maola 6. Madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumakula, ndipo kumeneko kumapitirira mamita 3. Chipangizochi chilibe ndandanda ya nthawi zimenezi. Ipezeni musananyamuke, muilembe papepala, pepalalo mulikulunge m'pulasitiki.

Madzi satsika mofanana ola lililonse, ndipo apa ndi pamene alendo amakodwa. Gawani kusiyana kwa tsikulo m'magawo 12. Ola loyamba kumatsika gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Tinene kuti kusiyana ndi mamita 3.6. Ndiye kuti madzi atsika masentimita 30, kenako 60, 90, 90, 60 ndi 30. Mwaimika boti patatha maola 2 madzi atadzaza, sikirini ikuonetsa mita 1.2, mtima uli m'malo. Pakatha ola limodzi patsala masentimita 30, posakhalitsa boti lakhala pamchenga, ndipo mudikira mpaka madzi abwerenso, mwina kutada. M'mikwasa yopapatiza nthawi imatha kusiyana ndi ya papepala, ndipo mphepo yamphamvu imawonjezera kapena kuchepetsa madzi, choncho siyani mpata.

Chimodzimodzi ndi mzere wa GPS. Njira imene mwajambula madzi atadzaza idutsa pamwamba pa milu ya mchenga imene masana ikhala poyera. Njira yodalirika ndi yojambulidwa madzi ali pansi ndipo angoyamba kukwera. Nthawi imeneyo mikwasa yeniyeni imaoneka ndi maso, ndipo mukakhudza mchenga madzi okwerawo akuchotsanipo m'mphindi zochepa. Tsiku loyamba lipereni kuchita zimenezi, ndi bwino mutalipira msodzi wakomweko kuti akhale m'boti, inu n'kumasunga malo pokhota paliponse. Pa dzina la malo lembanipo kuya ndi nthawi. GPS imatha kuphonya ndi mamita angapo, ndiye mumkwasa wopapatiza musayendetse maso ali pasikirini. Mchenga umasunthanso, makamaka pambuyo pa namondwe, moti njira ya chaka chatha iyesedwenso pang'onopang'ono. Mtundu wa madzi umathandiza kwambiri pakati pa 10:00 ndi 14:00, dzuwa lili pamwamba kapena kumbuyo kwanu, mutavala magalasi a polarised, ochepetsa kunyezimira kwa madzi: obiriwira moderako ndi akuya, oyererako ndi mchenga wosaya, ofiirira ndi udzu kapena miyala. Zilumbazi zili m'paki ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1971, choncho funsani za chilolezo ndi malo oletsedwa kuwedza musanaponye mbedza. Udzu wa pansi ndi chakudya cha nyama zosowa zotchedwa dugong, musaulime ndi propela.

Mukatsika m'boti, chipangizo chimatsala m'boti, ndipo alamu yake ya nangula simuimva muli patali. Imikani boti m'mphepete mwa mkwasa, pamene mwawerengera kuti madzi akaphweratu patsalabe mita 1. Chingwe cha nangula chitalike kasanu kuposa kuya kumene madzi adzafike akadzaza, osati kuya kwa nthawi imene mukuponya. Chingwe chachifupi chimazula nangula madzi akakwera, boti n'kupita lokha. Ponyaninso nangula wachiwiri kumbuyo, chifukwa madzi akatembenuka boti limazungulira. Nambala za malowo zikopereni mufoni, foniyo ikhale m'kathumba kosalowa madzi. Ngati n'kotheka munthu mmodzi atsale m'boti.

Nthawi yabwino ndi maola 2 omaliza madzi akuphwa ndi ola loyamba akukwera, pamene nsomba monga kingfish zimadikira tinsomba m'mphepete mwa mikwasa. Khwawa lililonse limene mwaoloka popita likumbukireni, chifukwa ndi limene limayamba kudzaza, ndipo lili pakati pa inu ndi boti. Ngati popita linafika m'mawondo, bwererani madzi akangotembenuka. Madzi othamanga akafika m'ntchafu amagwetsa munthu wamkulu. Valani life jacket ngakhale mukudziwa kusambira. Majombo a mvula ayi, amadzaza madzi n'kulemera. Pamafunika nsapato zothina pakakolo, za pansi polimba, chifukwa cha zigoba zakuthwa ndi minga. Poyenda kwekwezani mapazi pamchenga osawanyamula, kuti nsomba yafulati yotchedwa stingray, imene imadzikwirira mumchenga, imve n'kuthawa. Mukaiponda pamsana imabaya ndi munga wa kumchira. Zikachitika, viikani phazi m'madzi otentha amene munthu angapirire osapsa, pafupifupi madigiri 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, kenako pitani kuchipatala kuti akaone ngati munga watsalira. Fulasiki ya madzi otentha m'boti ili ndi ntchito imeneyi.

Pa kupeza nsomba, m'madzi ochepera mamita 2 musayembekezere zambiri, poti malo amene ikuona ndi ochepa ndipo boti lenilenilo limabalalitsa nsomba. Phindu lake pamenepo ndi kupeza potsetsereka, pamene mchenga ukuchoka pa mita 1 kugwera pa mamita 3, komanso kusiyanitsa pansi polimba ndi pamatope: mzere wapansi ukakhala wokhuthala ndi wowala ndi polimba, ukakhala wofooka ndi matope, ndipo pamatope musatsikepo. Pa Kariba, kuyambira mamita 5 kupita pansi, chithunzi chimaoneka bwino kwambiri, mitengo yomira ndi magulu a nsomba zoizungulira zimasiyanitsika.

Mukachokera kunyanja yamchere tsukani transducer ndi madzi abwino, pukutani sikirini ndi kansalu konyowa, ndipo mapulagi akumbuyo muwaumitse n'kupakamo girisi wa zamagetsi pang'ono, apo ayi timano take timachita dzimbiri lobiriwira. Pogula, kaya m'sitolo muno mu Lusaka kaya mwaitanitsa kunja, tsegulani bokosi muonetsetse kuti transducer ilimo, chifukwa ogulitsa zogwiritsidwapo kale ntchito ena amagulitsa sikirini yokha, ndipo kuipeza payokha kumadula komanso kumachedwa.