Rebreather pa ndege: kusenza zonse kapena kukapeza kumeneko?

Anzanga amene timapitira limodzi kukasambira pansi pa madzi m'mapanga a ku Chinhoyi ku Zimbabwe andifunsa funsoli mpaka ndatopa, ndiye ndiyankhiretu. Ukamanyamuka ku Harare ndi rebreather, makina opumira pansi pa madzi amene amayeretsa mpweya umene watulutsa kuti uupumenso, njira zilipo ziwiri. Ukhoza kusenza zonse, makina, masilinda ake awiri a mpweya ndi Sofnolime (timiyala toyera toyamwa mpweya woipa m'makinamo), kapena kutenga makina okha n'kukapeza zotsalazo kumene ukupita.

Ine ndinayamba ndi kusenza zonse, ulendo wa ku Sodwana Bay, m'mphepete mwa nyanja ku South Africa. Masilinda sanandivute. Ndinatulutsa mpweya wonse, n'kuchotsa mavalavu kuti achitetezo athe kusuzumira m'kati, pakamwa ndinamatapo tepi chifukwa silinda ya okosijeni ikalowa mafuta kapena fumbi ikhoza kubuka moto poidzaza.

Chimene chinandiwawa ndi Sofnolime. Kudzaza makina kamodzi kumadya makilo awiri ndi theka, ndipo amangokwana maola ngati atatu, choncho ndinatenga chigubu chonse cha makilo 20. Chikwama chololedwa chinali chimodzi cha makilo 23. Chigubu chija anachiwerenga ngati katundu wachiwiri, ndinalipira osadandaula. Koma matikiti anga anali awiri osiyana, ndiye ku Johannesburg ndinatulutsa katundu n'kumulowetsanso pa ndege ya ku Durban, ndipo anandilipiritsanso, zomwe palibe anandiuza pogula tikiti. Kenako bambo wina wachitetezo anatsegula chigubucho, anathira timiyala toyera tija m'golovesi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Pepala la opanga, lonena kuti ndi mankhwala oyamwa mpweya woipa umene timatulutsa popuma, ndinali nalo m'manja. Analiwerenga, komabe anaitana bwana wawo. Pamene ankandimasula, ndege inali itapita, ndipo kusintha tikiti ndinalipiranso. Kufika kunyanja, ndinapeza chigubu chonga chomwecho chikugulitsidwa motchipa kuposa ndalama zonse ndinawononga panjira. Mpaka lero mtima umandipweteka.

Kukapeza kumeneko kulinso ndi msampha wake. Masilinda a rebreather ambiri ndi a malita 2 kapena 3, ndipo pa ena valavu ya okosijeni ili ndi polumikizira pa mtundu wa M26 pomwe makina ako mwina ali ndi pa mtundu wa DIN wamba. Zikasiyana, ukhala pamtunda n'kumaonerera anzako. Musakhutire ndi mawu akuti "tili nazo". Auzeni obwereketsa masilindawo atumize chithunzi cha valavuyo pa WhatsApp musanagule tikiti.

Pa zinthu zina njira zonsezi n'chimodzimodzi: mutu wa makina, maselo oyeza okosijeni, kompyuta yosambira nayo ndi mabatire a lithium zimakhala m'chikwama cha m'manja, ngakhale makilo ochepa amene amalola m'chikwamacho amatha msanga.

Masiku ano Sofnolime sindikweranso naye ndege, masilinda ndimabwereka. Popita kwathu ku Malawi kokha, obwereketsa akapanda kundilonjeza kuti zilipo, ndimalongedza zonse n'kukwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete.