Matabwa, makalavati kapena zitsulo: mlatho wa apansi uti ungapirire mitsinje ya mu Blantyre?

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, anzanga a m'makomiti a chitukuko akhala akundifunsa za milatho ya apansi, ija ya m'njira zotsata mitsinje ya Mudi, Nasolo ndi Naperi. Akuti ikakokoloka timangenso yotani? Ndiyankhe pano kamodzi, poti kwathu mitundu itatu yonseyi tinaiwolokapo.

Wa matabwa ndi umene aliyense amayamba kuuganizira. Mapolo a bulugamu, matabwa a paini a ku Chikangawa, misomali, kalipentala wa m'dera momwemo, basi ana ayamba kuwoloka kupita kusukulu. Ku Lilongwe milatho yotere yathandiza anthu kwa zaka zambiri pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu, koma kumeneko eni ake amalipiritsa wowoloka aliyense, ndiye thabwa likathyoka amasintha msanga. Mlatho wa anthu onse susamalidwa choncho. Chiswe chimadya pansi, mvula imawoletsa pamwamba, ndipo makala akakwera mtengo matabwa amasowa usiku. Mukausankha, gulani mapolo onyikidwa m'mankhwala, obiriwira aja, ndipo mudule limodzi muone ngati mankhwalawo analowadi kapena angopaka kunja.

Umene ndili nawo chakukhosi ndi wa konkire wokhala pa makalavati, mapaipi akuluakulu odutsamo madzi aja. Uwu ndi umene unatipweteka. Tinasonkha khomo ndi khomo, amayi anatuta mchenga ndi miyala pamutu, ndipo kontilakitala anatilimbitsa mtima kuti simenti siwola. Simentiyo sinawoledi. Madzi atatsika, mlatho tinaupeza uli chilili pakati pa mtsinje, koma wopanda njira yofikirapo mbali zonse ziwiri.

Chimene chimachitika n'chakuti mitsinje ya m'tauni muno sinyamula madzi okha. Nasolo akamatsika kuchokera ku Ndirande amabwera ndi majumbo, mabotolo, matewera, masaka, nthambi, ngakhale zitsa. Zonsezo zimatseka kukamwa kwa mapaipi mvula yoyamba yomwe, ndipo mlatho umasanduka damu. Madzi akasowa podutsa amakumba dothi la m'mbali, n'kutsegula njira yawoyawo kuseri kwa konkire. Pena amabwerera m'nyumba za anthu okhala kumtunda. Onjezanipo okumba mchenga, amene amatsitsa pansi pa mtsinje chaka ndi chaka mpaka maziko kutsala poyera.

Ndiye pali ndalama imene palibe anatiuza. Mu kotesheni munalibe makoma otchinga m'mbali, munalibe magabiyoni, mawaya odzaza miyala aja. Titafunsa, anati imeneyo ndi ntchito ina, mtengo wakenso wina. Kugumula chimulu cha konkire chija kuti madzi adutse kunafunanso ndalama zake. Aliyense wokuuzani za makalavati, mufunseni kuti zinyalala azichotsa ndani mu Januwale mtsinje utadzaza.

Wa zitsulo ndi wodula kuposa yonse, sindibisa. Mufunika injiniya woyeza, owotcherera odziwa ntchito, ndi lole yobweretsa zidutswazo, zimenenso zimavuta m'njira zopapatiza za m'makwalala mwathu. Dzimbiri limafuna penti nthawi ndi nthawi, makamaka molumikizira. Akuba zitsulo nawonso alipo, choncho mabawuti onse awotcheredwe mlatho ukangoimikidwa, ndipo popondapo pakhale chitsulo chokhakhala, osati matabwa. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: umadumpha kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo popanda mzati m'madzi, ndiye zinyalala zimangodutsa pansi. Maziko a konkire amakhala kutali ndi gombe, pamwamba pa pomwe madzi a Freddy anafika. Malowo akuluakulu a m'dera amawadziwa, afunseni asanakumbe.

Musaiwale zogwirira m'mbali zoti mwana sangapyole, ndi pokwerera potsetsereka m'malo mwa masitepe, kuti njinga ya olumala ndi wilibala zidutse.

Ine ndili kumbali ya zitsulo. Ngati thumba silikulola chaka chino, mangani wa matabwa wokwera bwino, wosakhalitsa, ndipo ndalama ya simenti muisunge kuti idzamange maziko a wa zitsulo. Makalavati asiyireni ngalande zing'onozing'ono za m'mbali mwa msewu.