Tascam 38 yochokera ku Joni: makina ndi abwino, wogulitsayo ndiye ayi

Tascam 38 ndi makina akale ojambulira nyimbo pa tepi ya reel. Ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo ziwiri ndachotsazo si chifukwa cha makinawa, ndi chifukwa cha amene anandigulitsa. Amene mumagula zida za situdiyo zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Joni mtundu wa anthu awa mumaudziwa, chilichonse amalemba kuti chakonzedwa kale, mukungolumikiza ku magetsi basi. Ndalama ndinalipirazo, kuphatikiza ya transipoti kufika nayo ku Blantyre, ndikanagula interface (kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta) ina ya ma input 8 chenji n'kutsalako.

Ine ndimaifunira kujambulira madiramu okha. Zina zonse ndimapangira pa kompyuta ndi pulogalamu ya Reaper ndipo sindidandaula, koma kachipinda kanga n'kasimenti, sinea ndi ma cymbal zimatuluka zobaya m'khutu kaya uchepetse bwanji.

Tsono wogulitsayu anandiikiramo matepi angapo akuti ndi mphatso, atsopano osatsegula, ine kuthokoza mpaka kuwonjezera ya drink. Woimba madiramu ndinamulipira tsiku lonse, wanyamula zida zake pa taxi, tatha m'mawa wonse kuika mamaiki, SM57 pa sinea, ina mu kiki, ziwiri pamwamba, zonse zili bwino. Tayamba kujambula, mnyamata uja walowa bwino zedi, ndiye tikufika pa kolasi ndikungomva kamluzu kuchokera pa makina, kwiii, koyamba pang'ono kenako mokweza, ma reel aja kuyamba kuzungulira mokakamizika mpaka kuima okha. Kuyang'ana pa mahedi, tizitsulo tolemba ndi kuwerenga mawu pa tepi tija, pali zinthu zabulauni zomata, paliponse pomwe tepi yadutsa pada, kukhudza ndi chala chala kuda bii. Kubweza kuti timve zomwe talowetsa, hi-hat yasowa, sinea ikumveka patali, liwiro likukwera n'kutsika lokha. Kenako ndinadina kalabala kamene kamapanikiza tepi kaja, pinch roller, abale inu chala kulowa ngati phula la pamsewu mu Okutobala, chidindo kutsala pomwepo. Makina akuti akonzedwa kumene amenewo!

Mnzanga woimba madiramu uja anangoti achimwene tiyeni tingojambula pa kompyuta nthawi ikutha. Tinaterodi, koma mtima unandiwawa kwambiri chifukwa take yoyamba ija, ulendo woyamba kujambula uja, inali yabwino kuposa zonse zomwe anaimba tsiku limenelo ndipo inapita basi.

Nditamuimbira wogulitsa akuti bwana wanga kumeneko ndi kutentha kwa ku Malawi, kuno imagwira bwinobwino. Apa ndiye pamene ndinapsa mtima. Labala sasungunuka chifukwa chokwera basi kudutsa pa Mwanza, amafewa chonchi pakadutsa zaka zambiri, makinawa ndi a m'ma 1980. Za matepizo ndiye aliyense wogulitsa zinthu izi amadziwa: matepi ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 guluu wake amene amagwira utoto wa maginito uja amayamwa chinyontho n'kuyamba kumata, ngakhale tepi ikhale yosatsegula m'bokosi mwake. Anthu amaiotcha pang'onopang'ono pa madigiri 50 ndi pang'ono kwa maola angapo, koma zimenezo n'zopulumutsira nyimbo zakale kuti uzikopere pena, osati kupatsa kasitomala kuti ajambulirepo zatsopano. Ndinamulembera zonsezi, kutumiza ndi zithunzi, iye kuwerenga osayankha mpaka lero.

Amene anandithandiza ndi bambo ena achikulire okonza mawailesi ndi ma deck kuyambira kale. Anapukuta mahedi ndi sipiriti ndi thonje mofatsa, kusintha roller ndi lamba wa mota, kuchotsa maginito otsalira, ndipo anandiuza kuti mwana wanga mahediwa akadali ndi moyo wautali, sanadyeke. Apa pokha ndivomere kuti wogulitsa uja sanandibere. Tepi yatsopano ndinaitanitsa RTM SM911 yopangidwa ku France, mtengo wake osanena.

Koma eee, titajambulanso ndinakhala kaye pansi. Pa kompyuta ukangodutsa pa 0 pa mita yoyezera kukwera kwa mawu, mawuwo amang'ambika moipa ndiye umakhala ukuopa, pomwe apa ndimalola singano ya mita kulowa kofiira pang'ono sinea ikamenyedwa, tepi imangofewetsa kansonga kakuthwa kaja, sinea kutuluka yonenepa yokhala pansi bwino. Kiki nayo ili ndi thupi ndisanakhudze EQ yokonzera kamvekedwe, ma cymbal asiya kubaya. Chipinda ndi chomwecho, mamaiki omwewo, woimba yemweyo. Ma plugin a tepi, timapulogalamu totsanzira kamvekedwe ka tepi pa kompyuta, ndili nawo ndipo amayesetsa, sindikuwanyoza, koma kwa khutu langa pa madiramu sanafike apa. Ndinaitana mpaka akunyumba kuti adzamve.

Zovuta zake zilipo ndithu. Tepi ndi ya theka la inchi, matiraki 8, imathamanga mainchi 15 pa sekondi ndiye reel yonse ya mafiti 2500 imatha pa mphindi 33, woimba akamalakwitsalakwitsa ndalama ikupita mukuona. Kulibe undo, ukajambula pamwamba zakale zafufutika. Kaphokoso ka sss kaliponso chifukwa dbx yake yochepetsa kaphokosoko imakhala bokosi lapadera lomwe ine ndilibe, ngakhale pa madiramu sikamveka kwenikweni pokhapokha nyimbo ikadekha. Ndipo kunyamula ndi anthu awiri. Magetsi akathima pakati pa take umangopemphera kuti tepi isakwinyike.

Panopa ndimachita chonchi: madiramu pa tepi, kenako ndimakopera pa kompyuta pa 24 bit matiraki onse nthawi imodzi, chifukwa ukakopera kawiri padera sizigwirizana, liwiro la makina silifanana ndendende ulendo uliwonse. Kudula, gitala, mawu, kusakaniza zonse ndi pa kompyuta, tepi ija ndimaibweza n'kujambulaponso nyimbo ina. Ngati woimba wanu amadalira kuti mumukonzere kumenya kulikonse pa sikirini makinawa sangakuthandizeni, sungani ndalama zanu.

Amene mukufuna kugula kwa anthu a ku Joniwa, musanatumize olo kwacha imodzi auzeni akutumizireni vidiyo tepi ikuzungulira kwa mphindi zingapo mawu akumveka, adinenso roller ndi chala inu mukuona, ndipo aonetse mahedi pafupi. Matepi amphatsowo akanireni, mugule anu atsopano.