Superman wakale ndi Avengers wa lero: mkangano wa pa Kamwendo

M'nyumba zoonetsera vidiyo pa Kamwendo ku Mchinji, abambo ndi ana awo sagwirizana pa mafilimu a ngwazi zouluka.

Akuluakulu amaima ndi Superman wa 1978, uja adasewera Christopher Reeve, ndi Batman wa 1989 wa Michael Keaton. Amati filimu yakale imayamba n'kutha tsiku lomwelo. Nkhani yake ndi imodzi, yomveka, moti ngakhale agogo osamva Chingerezi amaitsatira poyang'ana nkhope zokha. Taonani Reeve: akavala magalasi n'kugwetsa mapewa, asanduka Clark Kent, mtolankhani wamanyazi amene ndi Superman yemweyo atadzibisa, akawavula n'kuwongoka, ndi munthu wina. Si kompyuta imeneyo, ndi luso lake basi. Pouluka pokha m'pamene pamaoneka kuti n'zopanga, ndipo achinyamata amafa nazo n'kuseka.

"Bambo, zanuzo zimachedwa," amatero anyamata. Iwo adakula ndi mafilimu a kampani ya Marvel, kuyambira Iron Man wa 2008 kufika Avengers: Endgame wa 2019. Nkhondo zake n'zodzaza maso, zithunzi zowala ngakhale pa foni. Koma Endgame imatenga maola atatu, ndipo idabwera pambuyo pa mafilimu 21 olumikizana. Amene sadawaone amangofunsa mnzake kuti uyu ndi ndani, walakwa chiyani.

Pa kakambidwe ka nkhani, ine ndili mbali ya akuluakulu. Koma pa chinthu chimodzi ana atiposa: Black Panther wa 2018, momwe Chadwick Boseman adasewera mfumu ya mu Africa yoyankhula Chixhosa, yosapempha thandizo kwa azungu. Mafilimu akale aja sadatipatsepo ngwazi yakhungu lathu.